Mwana Wophunzira Udotolo Agone Kuti?

Mwana akapeza malo okaphunzira udotolo, m'mudzi mumamveka nthungululu, ndipo mpake. Koma nthungululu zikatha, makolo amatsala ndi funso limene silikambidwa pa bwalo: kodi mwanayo akagona kuti zaka zonsezo? Ambiri a ife kuno ku Cigawo ca Kum'mawa timayankha mosacedwa kuti, "Amalume ace ali ku Mtendere," kapena, "Mlongo wanga ali ndi nyumba ku Chawama." Makolo amene anasamukira ku Lusaka nawonso amati, "Nyumba ilipo, acokerenji?" Ine ndikuti yankho limeneli timalipereka msanga kwambiri, tisanafunse n'komwe mtundu wa maphunziro amene mwanayo akukalowamo.

Masukulu akulu-akulu a Boma ophunzitsa udotolo ali kutali ndi ife. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi sukulu yace ya madotolo ku Ridgeway, pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH. Yunivesite ya Levy Mwanawasa ili ku Chainama, m'mbali mwa mseu wa Great East. Yunivesite ya Copperbelt imaphunzitsira madotolo ace ku Ndola, ndipo ya Mulungushi ku Livingstone. Kucokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500. Tsono mwana wa ku Chadiza, wa ku Lundazi kapena wa ku Petauke alibe mwai wogona m'nyumba ya amace n'kumapita ku kalasi m'mawa. Kwa iye nkhani ili pakati pa nyumba ya m'bale ndi cipinda ca pafupi ndi sukulu. Ndipo si nkhani ya miyezi yocepa, pakuti udotolo umatenga zaka 6 kapena 7.

Amene amasankha nyumba ya m'bale sali opusa ai. Mwa mwambo wathu wa Acewa, malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo wace ali ndi malo pa mphasa yace. Kumeneko mwana salipira lendi, nsima amaipeza yophika-phika, akadwala malungo pali womuwiritsira phala, ndipo akayamba kucedwa usiku pali maso omuona. Ndalama nazonso n'zobvuta. Thandizo limene Boma limapereka kwa ophunzira kudzera ku bungwe la HELSB ndi ngongole imene mwana adzabweza akayamba nchito, ndipo si onse amene amaipeza. Ndalama za cakudya zimene ophunzira anali kulandira zinacotsedwa mu 2019, n'kudzabwezedwanso mu 2023. Mlimi amene anaona cinthu cikucotsedwa ndi kubwezedwa cotere saikapo mtima wace wonse. Iye amakhulupirira m'bale wace koposa lamulo la ku ofesi, ndipo sindingamudzudzule.

Pa caka coyamba ndingabvomere ndithu kuti mwana akhale kwa abale, ngati nyumbayo ili pafupi ndipo muli bata. Mwana wocokera ku sukulu ya kumudzi amafika mu mzinda ali ngati nkhuku yacilendo. Afunika wina womuonetsa pokwerera basi ndi njira zoyenera kuzipewa kukada.

Koma maphunziro a udotolo akafika pakati amasintha nkhope. Zaka zoyambirira mwana amakhala m'kalasi ndi m'nyumba zoyesera zinthu, kuphunzira mafupa, mitsempha, kayendedwe ka magazi ndi magwiridwe a mankhwala m'thupi. Pambuyo pace amalowa m'mawodi, ndipo kuyambira pamenepo nthawi yace siikhalanso yace. Madotolo akulu amayendera odwala m'mawa, ndipo wophunzira ayenera kufika iwo asanafike, ataona kale odwala amene anapatsidwa ndi kudziwa mmene agonera. Pali masiku amene gulu lace limalandira odwala atsopano usana ndi usiku. M'cipinda ca amai oyembekezera ayenera kuona ndi kuthandiza pa kubadwa kwa ana, ndipo inu amai mudziwa bwino kuti mwana sasankha ola lobadwira. Wophunzira amene amayang'ana dzuwa kuti asasiyidwe ndi minibasi yomaliza amacoka pamene nchito yeni-yeni ikuyamba. Mnzace wogona kuseri kwa cipatala amatsala, namaona zimene buku silingamuonetse. Pa mayeso onsewo akhoza kupambana, koma manja ao sadzafanana.

Taganizaninso za ulendo wa tsiku ndi tsiku. Wocokera ku Kanyama kapena ku Matero amakwera basi kufika m'tauni, n'kukweranso ina. M'nyengo ya dzinja makomboni ena amasefukira madzi, munthu n'kufika ku wodi nsapato zili m'manja. Ndalama za basi zikaphatikizidwa mwezi wonse, kaŵiri pa tsiku, lendi ija timaiopa imayamba kuoneka yocepa.

Cimene cimandibvuta kwambiri ndi nchito za pakhomo, maka-maka kwa mwana wamkazi. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma wophunzira si mame. Sabata yoyamba amamutengera madzi osamba. Mwezi wacitatu iye ndiye wotunga madzi, wotsuka mbale, wocapa, wolera khanda. Palibe amene amacita zimenezi mwa nkhanza. Mkazi wa amalume nayenso ali ndi nchito zace, ndipo kwa iye mtsikana wamkulu wokhala pa mpando ndi buku pamene mbale zili mbwee ndi mwana wosaleredwa bwino. Mtsikanayo, poti analangizidwa kwao, sangayankhe. Amaika buku pansi, namayamba kuwerenga anthu onse atagona, maso ali kale olemera. Mnyamata amapeputsidwako pa zimenezi, koma nayenso amagona pa balaza, kudikira kuti wailesi ya kanema izimitsidwe kuti ayale mphasa. Ngakhale m'nyumba ya makolo ace eni-eni zinthu sizisiyana kweni-kweni. Kwa amace, iye akali mwana wotumidwa ku msika.

Palinso nkhani ina imene sitiikamba poyera. Wophunzira udotolo amaphunzira thupi la munthu pa mtembo weni-weni, ndipo m'mawodi amaona imfa kaŵiri-kaŵiri. Kwathu ogwira mtembo ndi adzukulu, ndipo ali ndi miyambo yao asanabwerere pakati pa anthu. Tsono m'nyumba zina, zikadziŵika zimene mwana amagwira masana, agogo amayamba kudandaula akamuona akunyamula khanda kapena akuthira mcere m'ndiwo. Mwanayo amaphunzira kubisa za tsiku lace. Usiku umene wodwala wace woyamba wamwalira, alibe womuuza. Anzace a m'kalasi okha ndiwo angamumvetse, cifukwa anali naye pomwepo.

Ndipo ngati pali coopa ceni-ceni, si mtembo koma matenda a amoyo. M'mawodi muli cifuwa cacikulu ca TB, cimene cimayenda mu mpweya. Kolera itabuka mu Lusaka kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024, odwala anaculuka kotero kuti bwalo la maseŵera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Munthu wocokera m'wodi n'kukagona cipinda cimodzi ndi ana ang'ono anai, m'nyumba yotunga madzi pa mpopi wa anthu onse, ali ndi nkhawa imene mnzace wa ku hositelo alibe.

Ena adzati masiku ano maphunziro ali pa foni, mwana angawerengere pali ponse. Tinaziyesa zimenezo mu 2020, pamene masukulu anatsekedwa kaamba ka Covid-19. Ana athu anabwerera kumudzi, nakwera pa zulu kufuna-funa netiweki. Zina anaphunziradi. Koma kumva kugunda kwa mtima, kupeza mtsempha wobayapo singano ndi kusoka bala sizilowa pa foni.

Sindinena kuti kucoka pa khomo la abale ndi mtendere wokha-wokha. Walira mvula walira matope. Malo ogona a pa sukulu ndi ocepa poyerekeza ndi ophunzira, ndipo ambiri amathera m'nyumba za lendi zimene amazicha mabodingi, mmene anthu angapo amapanikizana m'cipinda cimodzi. Kumeneko mwana amadziphikira yekha, ndipo ndalama zikatha pakati pa mwezi amagona ndi tiyi. Njala yotere ndiyo imatsegulira khomo amuna a magalimoto amene amazungulira malo a ophunzira madzulo. Mnyamata naye angagwe m'moŵa popanda womuletsa. Makolo amene amaopa zimenezi akuopa zinthu zoona. Koma taonani kuti zambiri mwa izo muzu wace ndi njala ndi kusoŵa womuyendera, ndipo zimenezo tingazicepetse ife eni. Kutalika kwa mseu wa ku Kanyama ndiko sitingakucepetse.

Cifukwa cace ine ndikuti, mwana akayamba zaka za m'mawodi, acoke akakhale pafupi ndi cipatala, ngakhale nyumba ya amalume kapena ya makolo ace ili mu mzinda womwewo. Amalume asacotsedwe pa udindo. M'malo mwa mphasa, apereke maso: azimuyendera, adziŵe anzace ogona nao, amuitane ku nsima pa Sondo. Nkhaniyi ikambidwe pa banja mwana asananyamuke, kuti tsiku losamuka lisadzaoneke ngati mwana wanyoza nyumba imene inamulandira. Mau oti "wayamba kunyada cifukwa ca sukulu" aononga ubale wambiri, ndipo kaŵiri-kaŵiri amabadwa cabe cifukwa akulu sanapangane poyamba.

Ife otsala kumudzi tili ndi mbali yathu. Tisamuitane pa maliro ali onse. Ulendo wa ku Lundazi ndi kubwerera umadya masiku atatu kapena anai, ndipo wophunzira amene waphonya masiku ambiri a m'wodi angaletsedwe kulemba mayeso a gawo limenelo. Tisamutumizire odwala kuti awalembere mankhwala, pakuti lamulo silimulola kutero asanatsirize ndi kulembetsedwa ku bungwe loyang'anira a nchito za umoyo. Ndipo pokolola, tipatule ciweto kapena matumba a soya amene adzakhala a lendi, tisanayambe kugula zina. Cakudya ndico cosabvuta kweni-kweni kwa mlimi. Mabasi a ku Chipata, Katete ndi Petauke amaloŵa mu Lusaka tsiku ndi tsiku, ndipo thumba la unga, nshawa, kayera ndi mfutso likakwezedwa m'mawa, madzulo mwana amakalilandira ku Intercity.