Thonje Lituluka, Malaya Alowa: Kodi Phindu Litsalira Yani?

Chaka ndi chaka, mvula ikatha ndipo misika ya thonje ikatsegulidwa, magalimoto aakulu amasenza thonje lochokera ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga. Ndipo likachotsedwa njere ndi kumangidwa m'mabelo, gawo lalikulu limatuluka m'dziko muno lisanapotedwe n'komwe. Pa misewu yomweyo pamabwera mabelo ena, a kaunjika ndi a nsalu zatsopano za ku China ndi ku India, zimene tizigula ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene dziko lizisowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Chifukwa chake nkhani ya ulusi ndi nsalu si ya atelala okha ayi. Ikhudza mlimi, ikhudza thumba la Boma, ndipo ikhudza makamaka inu awerengi athu, antchito a Boma ndi aphunzitsi, pakuti ambiri a inu ndinu amene mumasankha zovala zoti zigulidwe m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu.

Kumene tachokera

Luso la thonje silinabwere ndi Azungu. Pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi manja ndi kuomba nsalu zawo zolimba zotchedwa machila, zimene ankasinthanitsa ndi katundu wina. Nsalu za kunja zitachuluka m'nthawi ya atsamunda lusolo linazilala, ndipo mlimi anasanduka wolimira mafakitale a ku Lancashire.

Dziko litalandira ufulu, Boma linafuna kukonza zimenezi. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito ku Blantyre, ikupota ulusi, kuomba nsalu ndi kudinda zitenje, ndipo mabanja ambirimbiri anadya za pamenepo. Koma pamene malonda anamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, nsalu zotsika mtengo ndi kaunjika zinadzaza misika, fakitaleyo inafooka, ndipo mu 2003 inagulitsidwa ku kampani ya Mapeto. Tsono pali mfundo ina imene ambiri saiona. M'zaka zomwezo kavalidwe ka anthu kanasintha. Mwana wa sukulu lero avala sikipa, juzi, sokosi ndi malaya a gofu, ndipo zonsezi ndi zoluka, pamene mphamvu ya mafakitale athu inali pa nsalu zoomba. Amene afuna kudzutsanso ntchito ya nsalu ayenera kuyamba wamvetsa kusiyana kumeneku.

Ulusi suli umodzi

Ubwino wa ulusi uyambira m'munda. Thonje limayesedwa ndi kutalika kwa tiubweya take. La ku Egypt ndi la mtundu wa Pima lili ndi tiubweya totalika mamilimita 35 kapena kuposerapo, ndipo ndilo lipereka ulusi wosalala koposa. Thonje lathu ndi la utali wapakati, monga liliri thonje lochuluka la pa dziko lapansi, ndipo likwanira bwino lomwe kupangira zovala za masiku onse. Lilinso ndi mwayi wakuti limatoledwa ndi manja, motero likhala ndi zinyalala zochepa.

Thonje likafika ku fakitale limapukusidwa ndi kuwongoledwa ndi makina a mano ang'onoang'ono. Ulusi wopotedwa litangodutsa pamenepo amalonda autcha carded. Ndi wotsika mtengo, koma uli ndi tiubweya tatifupi tambiri timene timatuluka pa nsalu ndi kupanga timibulu chovala chikachapidwa kangapo. Thonje likapesedwanso kachiwiri, kuti tiubweya tatifupi tichoke, ulusi wake autcha combed. Popesapo gawo lina la thonje limatsalira, ndiye chifukwa chake ulusiwu udula. Koma ndi wosalala, wolimba, ndipo ulandira utoto mofanana.

Kapotedwe nako kali pawiri. Makina a ring amapota mwapang'onopang'ono ndi kupereka ulusi wolimba ndi wofewa. Makina a open-end amapota mofulumira ndi motchipa, koma ulusi wake ndi wokhakhala pang'ono, woyenera nsalu zokhuthala monga za jinzi ndi matawulo.

Chachitatu ndi nambala ya ulusi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, pakuti nambala ikakula ulusi uchepa thupi. Muyeso wake unachokera ku England: amawerenga kuti mu paundi imodzi ya ulusi mutuluka mikukutu ingati ya mayadi 840. Ulusi wa nambala 10 ndiye kuti paundi imodzi italika mayadi 8,400. Wa nambala 30 italika mayadi 25,200, ndiwo makilomita pafupifupi 23. Nsalu ya jinzi ifuna ulusi wonenepa wa nambala zotsika, pamene sikipa yabwino kawirikawiri ilukidwa ndi ulusi wa pakati pa 24 ndi 40. Tidziwenso kuti ulusi wolukira supotedwa kwambiri monga wowombera. Ukapotedwa mopitirira, nsalu imapindika, ndipo ndicho chifukwa chake sikipa yotchipa ikachapidwa msoko wake wa m'mbali umathawira kumimba.

Kuomba ndi kuluka

Nsalu yoomba ili ndi maulusi a magulu awiri, oimirira ndi opingasa, odutsana monga mphasa. Chitenje, nsalu ya khaki ndi ya malaya a mu ofesi ndi zotere, sizitamuka. Nsalu yoluka ipangidwa ndi ulusi wokolana m'timagonga, monga achitira amayi poluka juzi ndi singano ziwiri, ndipo itamuka ndi kubwerera. Makina oyamba olukira anapangidwa ndi William Lee ku England mu 1589, olukira sokosi; a masiku ano ndi ozungulira, a singano mazanamazana, ndipo atulutsa nsalu yonga thumba lalitali lopanda msoko.

Mitundu yake yaikulu ndi isanu. Single jersey ndi ya sikipa: yopepuka, yosiyana kumaso ndi kumbuyo, ndipo ukaidula imapiringizika m'mphepete. Rib ili ndi mizere yotukuka mbali zonse ziwiri ndipo itamuka koposa, motero aiika m'khosi ndi m'mikono. Interlock ndi yosalala mbali zonse, yokhuthala ndi yosapiringizika, yoyenera zovala za makanda. Piqué ili ndi timaenje ting'onoting'ono tolowetsa mphepo; ndiyo ya malaya a gofu, amene anatchuka kudzera mwa René Lacoste wa ku France m'zaka za m'ma 1930. Fleece ili ndi ubweya wofunda mkati, ndipo ndiyo ya zovala za m'nyengo yozizira. Kulemera kwa nsalu zonsezi kuyesedwa m'magalamu pa sikweya mita imodzi. Sikipa yokhalitsa kawirikawiri ilemera magalamu 150 mpaka 180. Yopepuka kwambiri kuposa apa ioneka bwino m'sitolo, koma siichedwa kubooka.

Phunziro la maiko awiri

Dziko la Bangladesh lilima thonje lochepa kwambiri, komabe lili m'gulu la maiko otsogola pogulitsa zovala pa dziko lonse, ndipo pafupifupi theka la zovalazo ndi zoluka. Linayamba ndi kusoka kokha. Koma popeza malamulo a msika wa ku Ulaya pa nthawiyo anafuna kuti nsalu nayo ikhale yopangidwa m'dziko lomwelo kuti ilowe mopanda msonkho, amalonda anakhazikitsa makina olukira, kenaka opotera, kufikira lero ulusi wambiri wa zovala zawo zoluka upotedwa komweko, ndi thonje logula kunja, lina la ku Africa konkuno.

Lesotho inatsata njira ina. Lamulo la AGOA la mu 2000 litatsegula msika wa ku America, mafakitale osoka anachuluka ndipo anthu zikwizikwi, makamaka amayi, anapeza ntchito. Koma nsalu zoluka zambiri zinali kuchokera ku Asia. Pamene America inalengeza misonkho yatsopano mu April 2025, ogula anaimitsa maoda ndipo antchito ambiri anakhala pakhomo. Ifenso tinalawako zotere: mafakitale osoka a ku Blantyre, amene anadalira misika ya ku South Africa ndi America, anachepa kwambiri pamene malire a malonda a nsalu pa dziko lonse anachotsedwa mu 2005. Phunziro lake ndi lakuti fakitale yosoka yokha ili ngati nyumba yopanda maziko, pakuti makina osokera amapakiridwa m'galimoto tsiku limodzi. Koma kumene kuli kupota, kuluka ndi kunyika utoto, ntchito imazika mizu.

Zimene zachitika ndi zimene zatsala

Sitinganene kuti Boma lakhala manja lende. M'nyengo ya 2011/12 linaika K1.6 biliyoni pa ulimi wa thonje, ndipo zokolola zinafika pafupifupi matani 100,000, umboni wakuti mlimi akathandizidwa amalima. Lamulo la thonje la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la Cotton Council of Malawi loyang'anira mbewu ndi misika. Mu 2016 kunakhazikitsidwa ndondomeko ya Buy Malawi, yolimbikitsa kugula katundu wa konkuno. Kuyambira mu 2019 alimi abzala mbewu ya Bt, yodziteteza ku mbozi, pamene akatswiri a ku Makoka m'boma la Zomba akhala akufufuza za thonje kwa zaka zambiri. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, aika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu.

Komabe tiyenera kunena zoona. Zokolola zinatsika kwambiri chichokere 2012, ndipo alimi adandaula za kudula kwa mbewu ndi kuchepa kwa mitengo. Fakitale yopota ulusi ifuna magetsi osazima usana ndi usiku, ndipo yonyika utoto ifuna madzi ambiri ndi njira yoyeretsera madzi oipa asanabwerere ku mtsinje. Walira mvula walira matope. Ena ati mankhwala ake ndi kuletsa kaunjika. Ife sitigwirizana nawo. Kaunjika aveka osauka ndi kudyetsa mabanja ambiri a m'misika, ndipo kumuletsa tisanakhale ndi chovala chathu cholowa m'malo mwake n'kulanga munthu wamba. Njira yanzeru ndi kuyamba pamene pali potheka. Kuluka sikufuna chuma chochuluka monga kuomba, pakuti makina ake ndi ochepa ndipo ulusi sufuna kuyalidwa ndi kupakidwa phala usanalowe m'makina. Msika woyambira ulipo kale: yunifolomu za ana a sukulu, majuzi, sokosi, zovala za masewera, ndi zovala za apolisi, asilikali ndi antchito a m'zipatala.

Gawo lanu

Apa ndi pamene wantchito wa Boma alowa. Wolemba chikalata choitanira amalonda akangolemba kuti pafunika malaya a thonje, watsegula khomo kwa aliyense wobweretsa nsalu yopyapyala pa mtengo wa nsalu yabwino. Safunsa anadya phula. Alembe mtundu wa nsalu, kaya piqué kaya single jersey; alembe kulemera kwake, nambala ya ulusi, ngati ndi combed kapena carded, ndi kuchuluka kwa polyester ngati yasakanizidwa. Aitanitse chitsanzo, achiyese ndi tepi, achichape katatu, achiyesenso, aone ngati chafupika, chasuluka kapena msoko wapotoka. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lilipo kuthandiza pa miyeso. Potero ndalama za msonkho zitetezedwa, ndipo wopanga wa konkuno amene agwira ntchito yabwino apeza mpata wopikisana mwachilungamo.

Mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu achite chimodzimodzi posankha yunifolomu, pokumbukira kuti kholo limene ligula malaya kawiri pa chaka lalipira koposa limene linagula amodzi olimba. Ndipo aphunzitsi a m'madera olima thonje ali ndi uthenga wina wopita kwa makolo kudzera mwa ana. Thonje lisaikidwe m'matumba a pulasitiki a feteleza kapena kumangidwa ndi zingwe zake, pakuti kaulusi kamodzi ka pulasitiki kakalowa m'belo kamapotedwa pamodzi ndi thonje, sikalandira utoto, ndipo kaoneka ngati mzere woyera pa nsalu yonse. Ogula a kunja amatsitsa mtengo wa thonje la dziko lonse chifukwa cha kanthu kakang'ono kotere. Lisanyowetsedwenso kapena kuthiridwa mchenga pofuna kuti lilemere pa sikelo.

Makolo athu a m'chigwa cha Shire anavala thonje la m'munda mwawo popanda magetsi kapena makina. Ife tili ndi nthaka yomweyo, sukulu zophunzitsa ntchito za manja, ndi ana mamiliyoni ofuna yunifolomu chaka chilichonse. Alimi adzapitiriza kulima thonje ngati mtengo uwakomera, ndipo mtengo udzakoma pamene ogula a konkuno adzachuluka. Ogula oyamba ndi Boma ndi masukulu, ndipo cholembera chimene chisankha nsaluyo chili m'manja mwanu.