Za ku Migodi: Matambula 6 pa Thebulo la Mkulu wa ku Katete

Loweruka lina madzulo, mkulu wina wa ku Katete, amene mphamvu zao zonse zinathera pansi pa mgodi wa Nkana ndipo tsopano apitirira zaka 80, anatengedwa ndi mwana wao wamkazi kukadya pa hotela ina mu Kitwe. Mwanayo agwira nchito ya mabuku a ndalama mu Ndola, ndipo anafuna kuti atate ace aoneko cimene anthu a masiku ano amacicha cakudya ca vinyo, ndiko kuti phwando la mbale 6 zobwera motsatana, mbale iliyonse ndi vinyo wacewace. Mkuluyo anabvala jekete lao la ku chalichi. Atafika pa khomo la cipinda codyeramo anaima nji, osalowa.

"Atate, lowani, malo athu ndi awo apo," anatero mwanayo.

"Ndamva, amai. Ndingoona ngati palibe wondibweza."

Mwanayo anaseka pakuti anayesa nthabwala, koma munthu amene anafika mu Kitwe m'masiku a Citaganya adziwa cimene khomo lotere linali. Munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala pa mpando m'nyumba zodyeramo za pakati pa tauni. M'masitolo ambiri ndi m'mabuchala anali kumgulitsira pa kazenera ka kumbali, ataima padzuwa, ndipo nyama anali kumpatsa yokulunga kale m'pepala, osaiona. Ndico cifukwa cace pakati pa zaka za m'ma 1950 a African National Congress anauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala, ndipo Dr. Kenneth Kaunda analekeratu kudya nyama. M'caka ca 1957 a Kaunda pamodzi ndi a Harry Nkumbula analowa m'nyumba ina yodyeramo mu Kitwe momwemo kuti agule cakudya, koma anawacha "maboyi" nawatulutsa kunja mwacipongwe. Nkhaniyi a Kaunda anailemba okha m'buku lao la Zambia Shall Be Free la 1962. Lamulo lotsegula nyumba zodyeramo ndi za kanema kwa mitundu yonse linayamba kugwira nchito mu September 1960, ndipo m'masiku oyambawo munabuka ndeu m'miseu ya Kitwe pamene azungu ena anafuna kupirikitsa anthu amene anapita kukayesa lamulolo. Pa nthawiyo mkulu wa ku Katete uja anali mnyamata wongofika kumene kwa atsibweni ao ku Wusakile, ndipo atsibweniwo anawaletsa kuponda ku tauni sabata yonse.

Za vinyo ndiye zosayamba. Kwa zaka zambiri lamulo la atsamunda linaletsa munthu wakuda kugula mowa uliwonse wa Cizungu. Mowa wa m'mabotolo ndi vinyo zinaloledwa itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo zakumwa zaukali zinacedwa koposa. Malo a wanchito wa pa mgodi anali ku holo ya mowa, kumene anali kumwera masese m'cibekete, pamene amai ophika mowa wao m'makomboni anali kusakidwa ndi apolisi kuti phindu lonse lipite ku holoko. Chibuku cimene lero cidziwika mpaka ku Malawi ndi ku Zimbabwe cinabadwira mu Kitwe m'zaka za m'ma 1950, m'manja mwa Max Heinrich, ndipo ici ndico cinali cakumwa ca mkuluyu moyo wao wonse wa pa mgodi.

Tsono palibe anawabweza. Mnyamata wobvala malaya oyera anawakokera mpando nati, "Mwaiseni mukwai," monga acitira a ku Migodi, ndipo mkuluyo anakhala pansi nayamba kuwerenga zinthu za pamaso pao: mafoloko ku manzere, mipeni ku manja, ndi matambula a miyendo yaitali ondandalika ngati ana a sukulu pa mzere. Nsima panalibe, ngakhale madzi osamba m'manja.

Mwambo wace wa phwando lotere uli ndi nzeru zace, ndipo si bwino kuunyoza usanaumve. Amayamba ndi zopepuka natsiriza ndi zolemera, cifukwa lilime likalawa cinthu camphamvu silimvanso kukoma kwa cofewa. Poyamba panabwera msuzi wa bowa ndi vinyo wa thobvu. Kenaka kacidutswa ka nsomba yokazinga m'batala, pamodzi ndi vinyo woyera wa mphesa zochedwa Chenin blanc, zimene zilimidwa koposa zina zonse ku South Africa. Vinyo ameneyu ndi wowawasa pang'ono, ndipo kuwawasako kumatsuka mafuta m'kamwa kuti nthongo yaciwiri ikome monga yoyamba. Itapita nkhuku panafika nyama ya ng'ombe ndi vinyo wofiira wa Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch m'caka ca 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Kufiirako kucokera ku makoko amene amawasiya m'madzimo pamene vinyo ali kusasa, ndipo makoko omwewo ndiwo apatsa vinyo wofiira mphamvu ija youmitsa m'kamwa ngati nthoci yosapsa. Akakumana ndi nyama yonona, kuumako kumafewa. Pa mapeto pabwera chizi, kenaka cakudya cotsekemera, ndipo lamulo lace ndi lakuti vinyo azitsekemera kuposa cakudyaco, apo ai amamveka wowawa.

Mnyamata woperekera uja anafotokoza zonsezi m'Cingelezi, mau ena akuwapotoza kuti amveke a ku France. Mwana wa mkuluyo anamasulira. Mkuluyo anamvetsera mpaka pa mapeto, natafuna, namwa pang'ono, nati:

"Kodi zimenezi ndizo aphunzira ku sukulu? Amai ako anazidziwa osapitako. Kapenta wouma anali kumthira matimati ambiri kuti aphe mcere. Nyama ya nkhumba ya ku Katete sanali kuipereka popanda mpiru wowawa pambali."

Pamenepa mkuluyo anakhudza mtima wa nkhani. Luso lokwatitsa cakumwa ndi cakudya si cinsinsi ca azungu. Mai aliyense wa ku Chamboli kapena ku Chifubu amene adziwa kuti cibwabwa cifuna nsinjiro, kuti therere lifuna cidulo, ndi kuti munkoyo wozizira uyenda bwino ndi mbatata yoocha, ali nalo kale lusolo m'lilime mwace. Codabwitsa ndi cakuti pa mbale 6 zonse za usiku umenewo panalibe ngakhale imodzi imene mai wotere akanaizindikira. Bowa anali wa m'sitolo, woyera ndi wopanda fungo, cikhalireco inali nyengo ya dzinja pamene ana aimirira m'mbali mwa mseu wa Kitwe ndi Ndola atanyamula mabeseni a bowa wa tente. Pa msika wa Chisokone, ulendo wa mphindi zocepa kucokera pa hotelapo, pali kapenta wa ku Mpulungu, nsomba za bukabuka za m'nyanja ya Tanganyika, cikanda, nkhuku za kumudzi, impwa, ndi cinanazi ca ku Mwinilunga. Zonsezi zinatsala kunja kwa khomo, monga momwe eni ace anali kutsalira kale. Mpando anaulandira mwini dziko m'caka ca 1960, koma ndiwo zace zikali kugulitsidwa pa kazenera.

Kuti vinyo acokere kutali, pamenepo palibe mlandu. Mphesa za vinyo zifuna nyengo yozizira ya mvula ndi cilimwe couma pamene zikupsa, monga kuliri ku Cape, koma ku Migodi mvula igwa kuyambira November mpaka March kapena April, nthawi yomwe mphesa zikanafuna dzuwa. Ku Cape vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo minda yace inakula ndi thukuta la akapolo, ena mwa iwo ogwidwa ku Mozambique ndi ku Madagascar. Ukapolo utatha, eni minda anapitiriza kulipira anchito ao gawo lina la malipiro ndi vinyo yemweyo, mcitidwe umene unaononga mabanja ambiri. Zimenezi sizilembedwa pa botolo.

Ndipo pali mbadwo wathunthu wa anthu a ku Migodi umene unakula osaliona konse botolo lotere. Ian Smith atatseka malire mu January 1973, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, ndalama zakunja zinasowa, kotero kuti Boma linaziika pa mafuta, mankhwala ndi zitsulo za pa migodi. Anthu anali kufola mizere pa masitolo a ZCBC ndi Mwaiseni kudikira sopo, shuga ndi mafuta ophikira, ndipo vinyo anali wa ku maofesi a akazembe ndi wa iwo okwera ndege. Mu December 1986, pamene mtengo wa ufa woyera unakwera koposa kawiri, Kitwe ndi Ndola zinayaka moto ndipo anthu anafa m'miseu. Mabotolo anabwerera m'masitolo malonda atamasulidwa m'nthawi ya a Frederick Chiluba, makamaka Shoprite itafika m'dziko muno m'caka ca 1995. Mkulu wa ku Katete anaziona zonsezi, ndipo cifukwa cace atafunsa mtengo wa mpando umodzi pa phwandolo, mwana wao anayamba wazemba. Atamkakamiza anachula. Mkuluyo sanayankhe, koma milomo yao inali kuyenda, ndipo mwanayo anadziwa kuti atate ace ali kuwerenga matumba a ufa.

Palinso cina cimene aulemu a pa mathebulo otere sakonda kucichula. Vinyo amathiridwa pang'onopang'ono, m'tambula yaikulu, kotero kuti womwayo ayesa kuti wangolawa. Koma vinyo wambiri ali ndi ukali wa 12 mpaka 14 pa 100 iliyonse, pamene mowa wa m'botolo uli ndi 4 kapena 5. Munthu akathiridwa mamililita 100 pa mbale iliyonse, pofika mbale ya 6 wamwa mamililita 600, pafupifupi botolo lathunthu la 750. Ukali umenewo ulingana ndi mabotolo 5 a mowa wamba. Wa ku thaveni akamwa mabotolo 5 adziwa yekha kuti waledzera, ndipo anzace amuona. Wa ku hotela aimirira bwinobwino, napukuta pakamwa ndi kansalu koyera, nalowa m'galimoto kuti ayendetse makilomita 60 a mseu wa ku Ndola usiku, pakati pa malole onyamula mkuwa ndi asidi. Boma litaletsa tujilijili m'caka ca 1012 ndi 1000 pamwamba pace, ndiko kuti 2012, anthu a m'mayadi anaomba m'manja ponena kuti ana a m'makomboni apulumuka, koma mseu sufunsa ngati woyendetsa waledzera ndi kapepala ka pa msika kapena ndi Pinotage. Pa thebulo la mkulu uja, mkamwini wao ndiye anali woyendetsa, ndipo apongozi ace anamuyang'anitsitsa mpaka anatembenuza matambula ace onse napempha madzi.

Phwando litatsala pang'ono kutha, mkulu wa ophika anatuluka kudzalonjera alendo monga mwa mwambo. Anali mnyamata wa ku Ndola, wa zaka zosafika 40, amene anaphunzira nchitoyi mu Lusaka. Atafika pa thebulo la mkuluyo anagwada pang'ono, ndipo atamva Cinyanja anayankha m'Cinyanja ca m'tauni.

"Mwadya bwanji, atate?"

"Tadya, mwana wanga, manja ako ndi abwino. Koma tandiuza, vinyo woyera uja wa pa nsomba sangayende ndi cikanda?"

Wophikayo anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mau. Anati analawa kale zimenezo kukhichini, ndipo ziyenda bwino kwambiri, cifukwa nsawawa za m'cikanda zifuna cinthu cowawasa. Cofunika ndi kucepetsa tsabola, pakuti tsabola akakumana ndi vinyo waukali moto wace umakula. Anati analawanso nkhuku ya kumudzi yophika nthawi yaitali pamodzi ndi vinyo wofiira, ndipo inaposa ya m'firiji kutalitali. Koma eni hotela aopa kuti alendo sangalipire ndalama zotere pa cakudya cimene amaciona pa msika tsiku ndi tsiku.

"Alendo ace ati?" anafunsa mkuluyo, akuyang'ana m'cipinda monse. Pa mathebulo onse, kupatula awiri a anthu a ku makampani a migodi, panakhala ana a dziko lino.

Wophikayo anaseka, napepesa, napita ku thebulo lina.

Anafika kunyumba ku Ndeke nthawi itapitirira 23 koloko. Amai a m'nyumbamo, amene anakana kupita ponena kuti mawondo awawa, anali cikhalire maso. Anafunsa ngati cakudya cinali cokoma, ndipo mkuluyo anabvomera kuti cinali cokoma ndithu, makamaka nyama ya ng'ombe. Atatero anabvula jekete, nalipacika pa msomali, nafunsa ngati m'mbale munatsalako nsima ya masana. Inalimo, pamodzi ndi kapenta wa matimati, ndipo anasamba m'manja.