Dzina la Mwini Ndi Nkhwangwa Yobwereka

Mwezi watha, pamene ndinali pa ulendo wa nchito ku Zemba m'boma la Chadiza, mnyamata wina amene ali ndi kasitolo ka mbeu ndi feteleza anandiitanira pakhonde pake. Anandionetsa pa lamya dzina limene anafuna kugula pa intaneti kuti alimi a ku Katete ndi ku Chipata azimpeza msanga. Linali dzina la kampani ina yochuka ya mbeu, ndipo kumapeto kwake anaonjezako liu lakuti Chadiza. "Bambo," iye anatero, "ndafufuza ndipo palibe amene analitenga. Mtengo wake sufika ngakhale pa thumba limodzi la feteleza." Ndinamuuza kuti ayambe wadikira, ndipo lero ndifuna kufotokozera awerengi onse cifukwa cake, pakuti anyamata ndi atsikana a maganizo otere akucuruka m'Cigawo ca Kum'mawa.

Coyamba, tiyenera kuzindikira kuti pali mabuku awiri osiyana. Buku loyamba ndi la maina a pa intaneti, aja amene amatha ndi .com, .org kapena .zm. Maina a .zm amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA, ndipo kale nchitoyi inali m'manja mwa ZAMNET, kampani imene inabadwira pa University of Zambia mu 1994. Ogulitsa maina a .com kawirikawiri amapatsa dzina kwa amene wayamba kufika ndi ndalama, osafunsa ngati liri ndi mwini wake. Buku laciwiri ndi la zizindikiro za malonda, ndiko kuti maina ndi zithunzi zimene kampani imadinda pa katundu wake. Kuno kwathu bukuli limasungidwa ndi PACRA. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo latsopano la zizindikirozi, Nambala 11, lolowa m'malo mwa lija lakale la 1958. Munthu akalembedwa m'buku loyamba sizitanthauza kuti walowa m'buku laciwiri. Lisiti ya malipiro ingosonyeza kuti wabwereka keyala kwa caka cimodzi kapena ziwiri. Siimpatsa ufulu pa dzina la mwini.

Nanga mwini dzina akazindikira amacitanji? Mu 1999 bungwe la ICANN, limene liyang'anira maina a pa intaneti, linakhazikitsa dongosolo lochedwa UDRP, ndipo ali yense wogula dzina la .com, .net kapena .org amabvomera kulitsata, ngakhale ambiri sawerenga zimene abvomera. Kampani yodandaula siifunika kubwera ku khoti la ku Chadiza. Imangotumiza dandaulo ku bungwe monga WIPO ku Geneva, ndi kusonyeza zinthu zitatu: kuti dzinalo lifanana ndi cizindikiro cake kotero kuti anthu angasokonezeke, kuti wogulayo alibe ufulu uli wonse pa dzinalo, ndi kuti analigula ndi kuligwiritsa nchito ndi mtima wacinyengo. Woimbidwa mlandu amapatsidwa masiku 20 okha kuti ayankhe, ndipo pa .com mayankhowo kawirikawiri amakhala a m'Cingerezi. Akagonja, dzina limafafanizidwa kapena kuperekedwa kwa wodandaula. Mlandu woyamba wotere unagamulidwa mu January 2000, pamene World Wrestling Federation inalanda dzina lake kwa munthu amene analigula ndi colinga cakuti aligulitse kwa eni ake. Ku America, lamulo la caka comweco ca 1999 limalola khoti kulipitsa munthu wotere madola kuyambira 1,000 kufikira 100,000 pa dzina limodzi.

Tsono taganizirani mnyamata wa ku Zemba uja. Akadalemba dzinalo pa cipupa ca sitolo, pa malisiti ndi pa zikwangwani, nalilengeza pa wailesi. Patapita zaka ziwiri, makasitomala atazolowera, kalata imodzi ikadabwera, ndipo zonsezo zikadapita ndi mphepo. Makolo athu anati nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka.

Ena adzati: kodi wogulitsa mbeu zenizeni za kampaniyo alakwanji pochula dzina lake? Funsoli ndi lanzeru, ndipo oweruza analiyankha mu 2001 pa mlandu wa Oki Data. Iwo anati wogulitsa angathe kusunga dzina lotere ngati agulitsadi katunduyo, ngati pamalopo agulitsa katundu wa kampaniyo yekha, ngati anena poyera ubale wake weniweni ndi kampaniyo, ndiponso ngati sanagule maina ambirimbiri kuti atsekereze mwini wake. Koma ndi sitolo iti ya kumudzi imene imagulitsa katundu wa kampani imodzi? M'kasitolo ka mnyamata uja munali mbeu za makampani atatu, mankhwala a thonje ndi makasu. Pa mfundo yaciwiri yokha akadagwa.

Ena adzatinso malamulowa ndi cikwapu ca olemera. Nzoona kuti makampani akuluakulu nthawi zina amaopseza anthu osalakwa, koma sapambana masiku onse. Uzi Nissan, wamalonda wa ku America, analembetsa nissan.com mu 1994 cifukwa linali dzina lake lobadwa nalo ndiponso la bizinesi yake. Kampani ya magalimoto ya Nissan inalimbana naye m'makhoti kwa zaka zambiri, koma siinathe kumlanda. Cimene cinampulumutsa ndi cakuti dzinalo linali lakedi. Wotola dzina la mwini alibe cishango cotere.

Palinso cina cimene ciyenera kutikhudza ife alimi. Dzina la kampani pa thumba la mbeu ndi lonjezo lakuti cimene ciri m'katimo cidzamera. Tikalola kuti ali yense azibvala dzina la kampani pa intaneti, mlimi adzasiyanitsa bwanji sitolo yoona ndi tambwali amene afuna kulandira ndalama za pa lamya ndi kuzimiririka? Lamulo limene liletsa mnyamata wathu lero ndi lomwelo limene litchinjiriza amai ake pa nyengo yogula mbeu.

Uphungu wanga ndi uwu. Sankhani dzina lanulanu: la banja, la phiri, la mtsinje, kapena liu limene mwapeka nokha. Musanalipire ciri conse, funsani a PACRA ngati palibe wina amene analilembetsa, pakuti safunsa anadya phula. Ngati muli nthumwi ya kampani, pemphani cilolezo colembedwa musanaike dzina lake m'keyala yanu. Mau a pakamwa a wonyamula katundu sadzakuimirani pa mlandu. Ndipo dzina lanu likayamba kudziwika, lilembetseni monga cizindikiro ca malonda. Mu 2012 Khoti Lalikulu la Supreme, pa mlandu wa DH Brothers ndi Olivine Industries wokhudza dzina lakuti Daily, linagamula potsata lamulo la nthawi imeneyo kuti cizindikiro cosalembetsa sicingaletse wina kulembetsa cofanana naco. Phunziro lake ndi lakuti wocedwa kulembetsa angathe kulandidwa cake akuona.

Makabungwe a alimi a nshawa, soya ndi mpendadzuwa a m'Chadiza ali ndi zokolola zimene ziyenera kudziwika ndi maina ao. Dzina latsopano limatenga nthawi kuti limveke, monga mtengo wa mango umene subala caka cimene waubzala, koma ukabala palibe amene angabwere kudzauzula. Mnyamata uja anandiperekeza ku galimoto ali cete. Pamene tinali kunyamuka anandifunsa ngati dzina la agogo ake lingakhale bwino pa cikwangwani. Ndinamuyankha kuti limenelo ndilo loyenera kukafunsira ku PACRA.