Woimba ng'oma amakhala kumbuyo, koma tisamuiwale komweko

Mwezi watha mnzanga amene timagona chipinda chimodzi kuno kuyunivesite anandimvetsera nyimbo za Chick Webb pa YouTube. Iye amasangalala ndi malipenga. Ine khutu langa linali pa ng'oma, ndipo mtima unali utafika kale kwathu kwa Chimaliro ku Thyolo, pakhonde pa agogo anga aamuna.

Webb anabadwira ku Baltimore m'dziko la America. TB inamugwira fupa la msana ali mwana, moti anakula wamfupi komanso wa linunda. Sankatha kuwerenga manotsi a nyimbo, zonse ankasunga m'mutu. Komabe kuyambira 1931 gulu lake ndilo linkavinitsa anthu ku Savoy Ballroom ku Harlem. Mu 1935 analemba ntchito mtsikana wosadziwika, Ella Fitzgerald. Mu 1937 anapikisana ndi gulu la Benny Goodman, lomwe woimba ng'oma wake anali Gene Krupa, ndipo ambiri amene analipo anati Webb ndiye anapambana. Anamwalira mu 1939, Ella n'kupitiriza kutsogolera gululo.

Zonsezi ndinazipeza pafoni m'mphindi khumi, chifukwa alipo anthu amene anakhala pansi n'kuzilemba. Apa m'pamene pagona dandaulo langa.

Ifenso ku Thyolo tili ndi jazi yathu. Alan Namoko, woimba banjo wosaona uja, anatchuka ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band, ndipo kampani ya Pamtondo inatulutsa chimbale chake cha Ana Osiidwa mu 1992. Anamwalira mu 1995. Dzina la Namoko timalidziwa, koma tayesani kufunsa anzanu m'kalasi kuti ankamuimbira ng'oma ndani. Ine ndinafunsa, onse anangondiyang'ana. Chonsecho chotsani ng'oma m'nyimbo zija muone ngati mwendo wa munthu ungagwedezeke.

Agogo anga anali mmodzi mwa anthu a kumbuyo otere. Masana ankathyola tiyi pa esiteti, dengu kumsana. Loweruka la malipiro ankaimba ng'oma m'kagulu ka m'mudzi. Ng'omayo anakonza okha ndi chitini ndi chikopa cha mbuzi, choponda ndi phazi anapanga ndi thabwa ndi waya, ndipo zotsekera mabotolo zomwe anatunga pawaya ndizo zinkachita phokoso lopyapyala lija. Pa Khirisimasi ndinawafunsa kuti, "Agogo, munaphunzira kwa yani?" Anaseka n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, zaka zonsezi ndiwe woyamba kundifunsa." Kenako anayamba kumenya zala pa mpando. Dzanja lamanzere tsopano limanjenjemera, koma kamvekedwe kanali komweko. Foni inali m'thumba, sindinajambule. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndikudziwa zimene ena munganene. Webb anasintha kaimbidwe ka ng'oma padziko lonse, pamene agogo ankangovinitsa anthu pamowa. N'zoona, sindikuwayerekeza kukula kwake. Koma Savoy nayo inali nyumba yovinira, ndipo Webb ankayesedwa ndi mapazi a anthu otopa ndi ntchito amene abwera kudzapepukidwa, chimodzimodzi othyola tiyi a kwa Chimaliro. Ena munganenenso kuti chikhalidwe chathu chikusungidwa kale, poti gule wa tchopa wa Alhomwe analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Zimenezo n'zabwino, koma kaundulayo amasunga dzina la gule. Sasunga dzina la munthu amene manja ake ankatupa usiku wonse kuti guleyo aoneke.

Tili ndi chitsanzo cha zimene kulemba kumachita. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka amadziwika kunja chifukwa cha luso lawo, komanso chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo mu 1967, n'kuwajambula ndi kulemba za iwo. Kodi tizidikira mlendo wina adzatichitire zomwezo ku Goliati?

Chaka ndi chaka ophunzira timavutika kusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, n'kumabwereza mitu yomwe anzathu analemba kale. Pamene kumudzi kuli anthu osunga mbiri yosalembedwa paliponse, ndipo akutha mmodzimmodzi. Sipafunika thandizo la bungwe ayi. Foni yodzaza moto, kope, ndi ulemu pofunsa, basi. Lembani dzina lonse la munthuyo, mudzi wake, amene anamuphunzitsa, magulu amene anaimbamo, ndi mmene ankakonzera ng'oma yake. Mupempheni chilolezo, ndipo mukamaliza mum'patse zimene mwajambulazo amve yekha.

Ine tchuthi chikubwerachi ndikukwera minibasi ya ku Thyolo. Ndawatumizira kale uthenga agogo kudzera kwa amalume kuti afunefune chikopa cha mbuzi. Ayankha kuti chikopa si vuto, bola ndisachedwe.