ZA OIMBA ATHU: Pogula gitala ya magetsi, khutu litsogole

Mbatatesi ndi chimanga zikagulidwa, ndi pamene makwaya ndi timagulu ta anyamata oimba ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano ndi ku Furancungo timayamba kukamba zogula gitala. Kawirikawiri ndalama yake sikhala ya munthu mmodzi ai. Amai a kwaya amasonkha, anyamata amagwira ganyu, wina amagulitsa mbuzi. Tsono amene watumidwa ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre amanyamula thukuta la anthu ambiri, ndipo akabwera ndi chinthu chimene chidzapindika khosi mvula yoyamba, mlandu wake sutha msanga.

Gitala imene ambiri akufuna ndi ija ya bokosi, yolira payokha, koma yokhalanso ndi polowetsa chingwe cha ku ampulifaya. Ubwino wake ngoonekeratu: magetsi akazima kapena batire ya sola ikatha mphamvu, nyimbo siima. M'masitolo muli za mitengo itatu. Zotsika kwambiri zimakhala zonyezimira koma sizikhalitsa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zokwera kwambiri nza oimba a m'mizinda. Zoyenera kumudzi ndi zapakatikati, monga zimene amapanga a Yamaha, Takamine, Ibanez, Cort, Fender ndi Epiphone. Zambiri za mtengo umenewu zimapangidwa ku China ndi ku Indonesia, choncho dzina la maiko amenewa lisaopse wogula. Chofunika nkusuzumira pabowo ndi kuona chipepala cha kampani chokhala ndi nambala ya gitalayo, chifukwa zachinyengo zomatidwa maina otchuka ziliponso.

Choyamba ndi kuimva isanalumikizidwe ku magetsi. Wogulitsa wochenjera amathamangira kuilowetsa mu ampulifaya yaikulu kuti phokoso liphimbe zilema. Wogula akane, aiimbe kaye yokha. Gitala yosalira bwino payokha, magetsi saikonza. Amangokuza kuipa kwake.

Mau a gitala amachokera makamaka pa thabwa lapamwamba, lija lili ndi bowo. Pali la mtengo weniweni, ndiye pali la timatabwa topyapyala tomatikizana ngati pulaiwudi. Kusiyanitsa kwake nkosavuta. Munthu ayang'ane m'mphepete mwa bowo: ngati mizere ya mtengo ikutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa thabwalo, ndi mtengo weniweni, ngati akuona mizere yosanjikizana, ndi lomata. Pa chikalata cha gitala amalemba "solid top" likakhala leni leni, ndipo liu lakuti "solid" likasowa, kawirikawiri ndi lomata. Thabwa leni leni limatulutsa mau okoma, koma limamva nyengo: limauma ndi kung'aluka m'chilimwe, limafufuma nthawi ya dzinja. Lomata limapirira. Ndiye chifukwa chake gitala yoyenera kuno ndi ya thabwa leni leni pamwamba, koma lomata m'mbali ndi kumbuyo, ndipo zambiri za mtengo wapakatikati zinapangidwa motero.

Chachiwiri ndi khosi. Wogula aigwire gitala ngati mfuti, ayang'ane kuchokera kumutu kutsika nalo khosilo. Likhale loongoka, kupindika pang'ono ngati uta kumakonzeka pokunga chitsulo chimene chili m'kati mwake, koma khosi lopotoka silichira. Kenaka awerenge timizere tachitsulo ta pakhosi, mafreti, kufika pa 12. Pamenepo mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi freti ukhale mamilimita 2 kapena 3, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Mpata ukakula, zala zimapweteka ndipo wophunzira amagwa ulesi sabata yomweyo. Ukachepetsa, nsambo zimakhudza chitsulo nkumachita phokoso. Nsambo iliyonse aiimbe yosagwira, kenaka aigwire pa freti 12; mau akhale omwewo, okwera chabe. Akasiyana, gitalayo idzasemphana ndi kwaya ngakhale aichune chotani. Aonenso kathabwa kamene nsambo zimamangidwapo. Ngati kapepala kangalowe kunsi kwake, ndiye kuti kayamba kumatuka, ndipo gitalayo isiyidwe pomwepo.

Chachitatu ndi magetsi ake. Pansi pa kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo pali kachipangizo kotchedwa piezo, kamene kakapanikizika ndi kunjenjemera kwa nsambo kamatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi. Njira imeneyi inatchuka ndi kampani ya Ovation ya ku America kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Mphamvuyo imapita mu kabokosi ka pambali pa gitala, kokhala ndi pokwezera mau, ndipo zambiri zili ndi kochunira nsambo komwe. Apa ndiye pofunika ampulifaya. Nsambo zonse 6 ziimbidwe imodzi imodzi. Ina ikamveka motsika kuposa zinzake, kafupako sikanakhale bwino. Agwedezenso chingwe polowera pake kuti amve ngati pakuthetheka. Kabokosika kamadya batire: zambiri ndi ija ya makona ya mavolti 9, zina za Yamaha zimalowa mabatire awiri ang'onoang'ono a AA. Wa kumudzi aganize kuti ndi batire iti imene idzapezeka pa msika wa kwao. Ndipo akumbuke kuti chingwe chikangolowa, batire imayamba kudyeka ngakhale palibe akuimba. Makwaya ambiri amanamizira gitala kuti yafa, chikhalirecho anaigoneka ndi chingwe sabata yathunthu.

Kukula kwa bokosi nakonso nkofunika kukuganizira. Bokosi lalikulu limalira mokweza popanda magetsi, koma likayandikira sipika limachita kulira kuja kolasa m'makutu. Pofuna kuthetsa vutoli a Yamaha anatulutsa mu 1987 mtundu wa APX, wa bokosi lopyapyala. Umenewu ngwabwino kwa gulu loimba pa ukwati ndi ng'oma ndi masipika, koma pa tchalitchi cha kumudzi, kumene theka la nthawi kulibe magetsi, mau ake amamira mu kwaya. Kumeneko bokosi lalikulu ndilo lipambana, ndipo kulirako amakuchepetsa potseka bowo ndi chivundikiro cha mphira ndi kuima kumbuyo kwa sipika.

Pa nkhani ya nsambo pali ngozi imene yaononga magitala ambiri. Pali gitala ya nsambo za nailoni, pali ya nsambo za chitsulo. Za chitsulo zikakungidwa zonse zimakoka pafupifupi makilogalamu 70, kuposa thumba la feteleza, pamene za nailoni zimakoka pafupifupi 40. Kuika za chitsulo pa gitala ya nailoni ndi kuzula kathabwa ndi kupinda khosi. Waya wa mabuleki a njinga anathandiza anyamata ambiri pa mabanjo a chigubu, ndipo palibe amanyoza zimenezo; kumwera amanena kuti ngakhale dzina la marrabenta linachokera ku liu la Chipwitikizi lakuti rebentar, kaamba ka nsambo zimene zinkaduka poimba. Koma pa gitala yogula ndi ndalama za gulu, waya wotere asafikepo.

Ndalama isathere pa gitala yokha. Pakufunika thumba lochindikala, chifukwa gitala yathu imayenda pa njinga ndi pa njinga yamoto m'misewu ya fumbi. Pakufunikanso chingwe cholimba, nsambo zina zapadera ndi batire. Amene wagula ampulifaya ku Malawi adziwe kuti pulagi yake imakhala ya mano atatu a makona, pamene zathu zambiri nza mano awiri obulungira. Mphamvu ya magetsi ikugwirizana, koma kolumikizira kagulidwe tsiku lomwelo. Risiti isungidwe bwino, yoonetsa pa chipata cha Calomue kapena Zóbuè, ndiponso yoonetsa kwa amene anasonkha.

Gitala yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa. Ya kampani yodziwika imene yapyola mayeso onsewa imaposa yatsopano yopanda dzina. Koma wotumidwa asapite yekha. Atenge munthu wodziwa kuimba, pakuti safunsa anadya phula. Ikafika kumudzi, isasiyidwe pa dzuwa kapena m'galimoto yotseka, makamaka ku Tete m'mwezi wa Okutobala, chifukwa kutentha kumafewetsa guluu. Isapachikidwe kufupi ndi malata kapena ku khitchini kwa utsi, ndipo ikakhala nthawi yaitali osaimbidwa, batire ichotsedwe ingatayikire m'kati.

Malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anamveka mpaka ku Ulaya ndi gitala wamba ya bokosi. Luso lili m'zala. Koma zala zimakula bwino pa gitala yoongoka khosi, yochunika, imene idzalirabe mvula zisanu zitapita. Gulu likhale pansi ligwirizane kumene gitalayo izikaimbidwa, amene aziisunga ndi amene azigula nsambo zikaduka, wotumidwa asanakwere galimoto.