Nyanja Ndi Yathu, Nanga Madziwo?

Nkhani ya nyanja ikabuka pano pa koleji timagawikana pawiri ngati anthu a ku mpira. Ena amaimirira nanena kuti nyanja yonse ya kumpoto ndi ya Amalawi mpaka pa gombe la tsidya lija, ndipo akatero amakhala pansi ngati mlandu watha. Ena, makamaka aja angowerengapo timabuku tiwiri ta utsamunda, amati pangano la azungu lilibe ntchito, nyanja ingodulidwa pakati ngati chigumu. Ine ndikutsutsa magulu onse awiriwa, ndipo ndikulankhula monga munthu wa ku Dowa, kumene kulibe gombe kapena bwato, koma mvula yake imakathera m'nyanja momwemo.

Ndiyambe ndi a chigumu. Pa 1 Julaye 1890 Angelezi ndi Ajeremani anasaina pangano la Heligoland, ndipo panganolo limati malire atsate gombe la kum'mawa ndi la kumpoto kwa nyanja mpaka pamene Songwe athirira. Inde, palibe Mngonde kapena Mkisi amene anafunsidwa maganizo. Koma mu 1964 ku Cairo atsogoleri a OAU anamangana kuti dziko lililonse lisunge malire amene linawapeza polandira ufulu, pakuti anaona kuti kufukula malire amodzi ndi kufukula onse. Mmodzi mwa amene analimbikira mfundoyi anali Mwalimu Julius Nyerere, ndipo ndi boma lake lomwe limene mu 1967 linayamba kunena kuti malire ali pakati pa madzi. Mu 1999 bwalo la milandu la maiko ku The Hague, poweruza Botswana ndi Namibia pa chilumba cha Kasikili mu mtsinje wa Chobe, linatsegula pangano lomweli la 1890 n'kuweruza potsata mawu ake. Ena amaloza ku Mozambique, kumene malire alidi pakati pa nyanja. Aiwala kuti malirewo anasunthidwa mu 1954 ndi pangano latsopano la Angelezi ndi Apwitikizi, losiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwathu. Malire amasuntha eni ake akagwirizana. Palibe lamulo limene limangowakokera pakati lokha.

Tsono nditembenukire kwa anzanga oomba m'manjawo, chifukwa mkangano wanga weniweni uli ndi iwo. Kwathu mfumu imadziwa kusiyanitsa milandu iwiri. Wina akalima kupyola chiguli cholekezera dimba la mnzake, umenewo ndi mlandu wa malire. Koma wina akatseka kamtsinje kumtunda, mpiru wa a kumunsi n'kufota, sangapulumuke ponena kuti anatsekera m'dimba lake. Malamulo a maiko nawo amasiyanitsa chimodzimodzi. Akatswiri anayamba kulemba mfundo zake ku Helsinki mu 1966, bungwe la United Nations linazikhazikitsa m'pangano la 1997, maiko a SADC anasaina lawo ku Windhoek mu 2000, ndipo mu 2004 ku Kasane kunabadwa pangano la bungwe loyang'anira Zambezi, m'mene muli Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Mitu yake ndi itatu: aliyense agwiritse ntchito madziwo mwachilungamo ndi mosapyola muyeso, asavulaze mnzake kwakukulu, ndipo asanayambe ntchito yaikulu pa madziwo adziwitse anzake nthawi ilipo.

Kodi ndi angati mwa ife amene anamvapo mitu itatuyi pa misonkhano yathu yokalipa ija? Komatu ndiyo imene ikugwira moyo wathu. Ruhuhu, mtsinje waukulu mwa yonse yothira m'nyanjayi, umachokera m'mapiri a Tanzania. Potulukira ndi pamodzi pokha, pa Shire, ndipo pa Shire pomwepo ndi pamene tinamanga Nkula mu 1966, kenaka Tedzani ndi Kapichira. Azigogo athu anaona Shire ataleka kutuluka m'nyanja kuyambira 1915 kwa zaka ngati 20. Ife tinalawako mu 2016 ndi 2017, pamene nyanja inatsika ndipo amayi ankagona pa chigayo ku Mponela ndi ku Madisi kudikira magetsi. Tiyerekeze kuti tsiku lina anzathu atseka Ruhuhu kuti athirire minda yawo. Kodi tidzanyamula pepala la 1890 kukawaletsa? Pepalalo silinena kanthu za mitsinje ya m'dziko mwawo. Chimene chingatiteteze ndi malamulo a kagawidwe ka madzi omwe timawaona ngati nkhani yogonetsa tulo.

Ndiponso lamulo lotiteteza kwa a kumtunda limatimanga ifenso kwa a kumunsi. Shire akatuluka ku Nsanje amakathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Ngalande yothirira minda ya ku Chikwawa ikutunga pa Shire, ndipo mipope ya madzi ochoka ku Salima kupita ku Lilongwe, yodutsa kwathu ku Dowa, ndi yotunga m'nyanja. Zonsezi ndi zabwino ndipo tiyenera kuzichita, koma sitingafune kuti ena azitidziwitsa za madamu awo pamene ife tikutunga mwakachetechete. Ngakhale mapiri athu ali m'mlanduwu. Mitengo ya ku Dowa inathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a makala, kotero kuti Mtiti ndi Kasangadzi amapereka matope ofiira kwa Bua, ndipo Bua amakakwirira miyala imene mpasa zimaikirapo mazira asanakakhuthule zotsalazo m'nyanja ku Nkhotakota. Madzi saiwala khwawa, ndipo matope safunsa kuti malire ali pati. Mwini nyanja amene amaiipitsa chotere alibe nkhope yodzudzulira mnzake.

Taonani zimene zinachitika titakumbukira za malire okha. Mu 2011 boma linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta kumpoto kwa nyanja. Mu 2012 Tanzania inakalipa, nkhani inapita kwa akuluakulu opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, ndipo mu Malichi 2014 ku Maputo zokambirana zinaima popanda chomangidwa. Nthawi yonseyo m'manyuzipepala tinkangofunsa kuti mafutawo adzakhala a yani. Ochepa anafunsa kuti akadzatayika adzakolopa ndani, m'nyanja imene madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, kotero kuti chonyansa chikalowamo chimakhala zaka mazanamazana. Usipa ukafa, msodzi wa ku Nkhata Bay ndi wa ku Mbamba Bay adzalira maliro amodzi.

Wina adzati tidikire bwalo liweruze kaye. Malawi anavomera mphamvu ya bwalo la ku The Hague mu 1966, koma Tanzania sinavomere kukokeredwako popanda kufuna kwake, kotero tingathe kudikira mpaka imvi. Nyanja ya Chad ili ndi bungwe la maiko ake kuyambira 1964. Ya Tanganyika inapeza pangano lake mu 2003. Ngakhale pa Songwe, mtsinje wosinthasintha njira umene umasamutsa minda kuchoka dziko lino kupita linalo, Malawi ndi Tanzania anasaina mu 2017 pangano lokhazikitsa bungwe la onse awiri, mkangano wa nyanja uli chikhalire. Nanga nyanja yeniyeniyo ilekerenji kukhala ndi bungwe la maiko atatu, loyeza madzi pamodzi, logwirizana za nyengo yotseka usodzi, ndi lomva za ntchito iliyonse yaikulu isanayambe?

Pa malire tisagonje ngakhale phazi limodzi, pakuti lamulo lili mbali yathu. Koma pangano la madzi lingathe kulembedwa ndi ndime imodzi yonena poyera kuti palibe mawu ake amene akukhudza malire, ndipo maiko okangana anachitapo zotere. Inu aphunzitsi a zamalamulo, ndi inu a sayansi ya nthaka ndi madzi, muli ndi ophunzira amene chaka ndi chaka amasowa mutu wa kafukufuku. Apatseni uwu. Alembe panganolo ndime ndi ndime, m'Chingelezi, m'Chichewa ndi m'Chiswahili, ndipo tidzalitsutse m'magazini ino lisanapite ku Capital Hill.