Oilo Choyamba, Zokometsera Pambuyo

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, alimi ambiri amene anaphunzira pano amatenga ndalama za soya, nshawa kapena mpendadzuwa n'kupita ku Chipata kukagula njinga yamoto. Ife tikuona kuti imeneyi ndi nzeru. Njinga yotere imafikitsa matimati ku msika wa Kapata asanafewe, imanyamula fataleza, ndiponso imathamangira ndi wodwala ku chipatala cha Mwami pakati pa usiku. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti njinga zambiri zikutha zisanabweze ndalama zimene zinagulira, ndipo kawirikawiri wozipha ndi mwini wake yemwe.

Njinga zofala kuno, monga Bajaj Boxer ndi TVS HLX zochokera ku India, n'zosavuta. Injini ili poyera, imazizira ndi mphepo, ndipo batire ikafooka mumaliza ndi phazi. Ku Ulaya anthu amalipira ndalama zambiri pogula njinga zatsopano zopangidwa dala kuti zizioneka ngati zakale, monga Triumph Bonneville, imene inatuluka koyamba mu 1959 n'kubwereranso mu 2001. Iwo amasirira maonekedwe a makina osavuta. Ife makina oterowo tili nawo kale, ndipo makaniki wa pansi pa mtengo amawakonza ndi masipanala ochepa. Nanga tikuwaonongeranji?

Taonani zimene zimachitika njinga ikangofika pamudzi. Wina amaboola paipi yotulutsa utsi kuti izilira kwambiri, osadziwa kuti wasokoneza muyeso wa mpweya ndi petulo umene opanga anaika, ndipo injini imayamba kutentha mopitirira. Wina amaonjezera magetsi amitundumitundu ndi wailesi, kudula mawaya n'kulumikiza ndi pulasitiki. Batire siichedwa kufa, ndipo mvula ikalowa m'mawayamo njinga imazima panjira. Winanso amawotcherera zitsulo kuti kaliyala italike, n'kusanjikapo matumba 4 a chimanga. Matumba amenewo ndi makilogalamu 200, pamene njinga yokhayo siifika 130. Katundu akapitirira tayala lakumbuyo, lakutsogolo limapepuka n'kuleka kugwira bwino pansi, masipoko amaduka, felemu imang'aluka. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndalama zimene zimathera pa zimenezi zikanakwanira zinthu zimene njinga imafunadi. Choyamba ndi oilo. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oilo yemweyo ndi amene amatumikira injini, magiya ndi kilachi. N'chifukwa chake sachedwa kuda, ndipo oilo wa galimoto angapangitse kilachi kuterereka. Gulani wolembedwa 4T, m'botolo lomata, muzimuyeza m'mawa uliwonse njinga itaima mowongoka pamalo osalala, ndipo musinthe pa mtunda umene buku la njingayo likunena.

Chachiwiri ndi sefa ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala likalowa mu injini limapala zitsulo ngati mchenga. Sefayo iziyeretsedwa kawirikawiri, ndipo isachotsedwe ngakhale tsiku limodzi. Chachitatu ndi tcheni: chizitsukidwa, chizipakidwa mafuta, ndipo mukachikankha ndi chala pakati chizisuntha masentimita 2 kapena 3. Chikatha, sinthani pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, pakuti mano akutha amadya tcheni chatsopano. Musaiwale mpweya wa m'matayala, mabuleki ndi mabauti amene mabampu amamasula.

Tikudziwa kuti ena adzati mlimi sanagulire njinga kuti azikwezapo mphepo, anagulira katundu. N'zoona, ndipo sitikukana kusintha kulikonse. Sipuloketi yakumbuyo ya mano ochulukirapo imapatsa njinga mphamvu pokwera mapiri a kuno ndi a ku Vubwi, ngakhale imachepetsa liwiro. Zitsulo zoteteza miyendo n'zothandiza mukagwa m'matope. Funso lofunsa musanasinthe chilichonse ndi ili: kodi chimenechi chithandiza ntchito popanda kufooketsa njinga? Koma za matumba 4, yankho lathu ndi maulendo awiri kapena ngolo. Petulo wa ulendo wachiwiri ndi wotsika mtengo kuposa felemu yatsopano, ndipo mwendo wothyoka m'nyengo yodzala umagonetsa munda wonse.

Pa chifukwa chomwecho, kulembetsa njinga ku RTSA, kutenga laisensi ndi inshuwalansi, ndi kugula zipewa zolimba ziwiri, cha woyendetsa ndi cha wokwezedwa, ziyenera kuwerengedwa pa mtengo wa njinga musanaigule.

Pano timaphunzitsa kuti ng'ombe yolima imadyetsedwa, kumwetsedwa ndi kusambitsidwa mankhwala a nkhupakupa isanamangidwe m'goli. Timaphunzitsanso kulemba zonse za pamunda m'buku. Njinga nayonso ipatseni tsamba lake m'buku lomwelo: tsiku losintha oilo, makilomita amene yayenda, ndalama zimene yadya ndi zimene yabweretsa. Pa ulendo uliwonse wa malonda patulani kandalama ka oilo, tcheni ndi matayala. Chaka chikatha, tsamba limenelo lidzakuuzani ngati njingayo ikukugwirirani ntchito kapena ngati inuyo ndi amene mukuigwirira.